Wa M'bukumo Ndine

Khofi wa Onofrio anali atazizira, maso ake ali pa tebulo la pakona m'lesitilantimo. Pamenepo panakhala Gaspare, mnzake wa ku ofesi ya madzi, atazingidwa ndi atolankhani ochokera mumzinda wa Palermo.

Zonsezi zinabwera ndi buku la Rosalia, mphunzitsi wa m'tauni momwemo. Inali nthano ya chilumba chawo cha Sicily m'tsogolo, mvula italekeratu, madamu atauma gwa. M'menemo munali mkulu wa boma wogawa madzi, bambo wadazi, wosagona tulo, amene anthu ankamuombera m'manja m'misewu. Tauni yonse inati ameneyo ndi Gaspare.

Bukulo Onofrio anali atangowerenga koyambirira, n'kuliponya kutali. Nsanje inamudya. Pa chilala cha chaka chatha, ndani ankakonza zoti dera ili lilandire madzi lero, linalo mawa? Ndani ankauza magalimoto a madzi kolowera? Gaspare ankangosaina, pakamwa podzaza masikono. Komanso dazi si la Gaspare yekha, nayenso anali nalo. Tsono mpando wa mkulu wa ofesi unali wopanda munthu, ndipo kutchuka kotereku kukanaupereka kwa mlesi, wolima akuyang'ana.

Gaspare ankakupiza manja, kukanitsitsa kuti iye si wa m'bukumo. Kudzichepetsa kwachinyengoko n'kumene kunamutsiriza Onofrio. Anakankha mpando n'kupita pomwepo.

"Amwene Gaspare, lero lokha mwanenako zoona. Inu atolankhani, lembani. Madzi a tauni ino ndinkagawa ndine, awa ankangosaina osawerenga. Wa m'bukumo ndine, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza."

Mtolankhani wina anafunsa dzina lake lonse, n'kumupempha kuti abwereze mawuwo pa kamera. Onofrio anawongola tayi, n'kubwereza mokweza kuti ndi akunja omwe amve. Mumtima munali mwaa.

Gaspare anamukumbatira, misozi ili lengelenge, n'kumunong'oneza kuti sankadziwa kuti amamukonda chonchi. Onofrio anamukankhira pambali. Tsopano maso onse anali pa iye.

"Zikomo bambo polimba mtima," anatero mtolankhani uja. "Ndiye zija za kumapeto kwa buku, zomatseka madzi a kuchipatala n'kumadzazira maiwe osambiramo a mahotela, anakutumani ndi akuluakulu a boma, kapena munaganiza nokha?"

Onofrio anacheuka kuti mnzake amuthandize. Gaspare anali atafika kale pakhomo, akuimba mluzu.