Setilaiti Yomwe Sinauluke

Setilaiti yathu, kabokosi kokwana m'manja awiri, inkayenera kupita ku bwalo la ndege ku Embakasi mawa lake. Tinali titaigwedeza pamakina, kuitenthetsa ndi kuiziziritsa, koma inapirira zonse. Chotsala chinali siginecha yanga.

Kutangoda, aphunzitsi athu, a Blackson, anandituma kuchipinda chapadenga kukazimitsa wailesi yolandirira mauthenga a setilaiti. Ndisanagwire batani, wailesi inalira, katatu mofupika, kamodzi motalika. Kaliridwe kameneko ndinakakonza ndine.

Ndinawaimbira foni. "Mwaiyatsa setilaiti kumeneko?"

"Watipa, ili patebulo pano. Kapini kofiira kozimitsira batire sindinakachotse."

"Koma ikulira kuno."

"Eriyo yaloza kuti?"

Ndinasuzumira pawindo. Eriyo imene ndinaimangirira ndekha masana inali italoza kumwamba, ikutembenuka pang'onopang'ono ngati ikutsatira chinthu chodutsa pamwamba pa dera la Kawangware.

"Tsika msanga," anatero a Blackson.

Sindinatsike. Zaka ziwiri zinandithera pa kabokosi kameneka, ndipo sindikanasaina chinthu chimene sindikuchimvetsa. Ndinakoka mpando n'kuyamba kukopera m'kope zonse zimene zinkabwera pakompyuta. Batire linali lodzaza. Kutentha kunali bwinobwino. Masiku chiulukireni anali 406.

Mzere womaliza wa uthenga wa setilaitiyo tinausiya wopanda kanthu, chifukwa tinali tisanagwirizane mawu oikapo. Tsopano panali mawu: "Pokumbukira malemu Watipa."

Ndinakoperanso zimenezo, n'kulemba nthawi pambali pake.