Kamera Yachitatu

Woyimbira mpira ataloza kuti ndi penate, wojambula wa kamera yachitatu anaona mwana wake akutola mpira. Inali mphindi yomaliza ya fainolo, matimu atafanana mphamvu.

"Yachitatu, mukuloza kuti?" bwana wosankha zithunzi anamukalipira m'khutu. "Yanu ndi nkhope ya kochi. Mpirawo uli ndi eni ake."

"Bwana, amene akumenyayo ndi mwana wanga."

"Tikudziwa, achimwene. Dziko lonse limuona. Inuyo tipatseni kochi."

Anatembenuza kamera, n'kufulatira golo. M'galasi munadzaza nkhope ya kochi wa mwana wakeyo, thukuta lili kamukamu, botolo la madzi m'manja, nsagwada zikutafuna chingamu.

Wezulo inalira. Kumbuyo kwa wojambulayo mpira unamveka kuti phu! Bwalo linasefukira ndi phokoso, koma phokoso silinena kuti akusangalala ndi a mbali iti.

Nsagwada za kochi zinaima, nkhope n'kugwa. Botolo linapulumuka m'manja mwake, madzi n'kumatayika pa nsapato.

"Eyaa, gwirani pomwepo!" anatero bwana uja. "Musagwedezeke mpaka tilowe malonda a sopo."

Bamboyo anagwira pomwepo. Chithunzi sichinagwedezeke ngakhale pang'ono.