Madzi a Masamba a Manyumwa

Kandege kanga kanagona chagada m'munda wa mpunga, kumapeto kwa bwalo lathu la ndege laudzu ku Hong Kong, pomwe lero pali nyumba zosanja zosaterapo ngakhale mpheta. Matayala anali akuzungulirabe.

Aphunzitsi athu, a Kwok, anandisolola m'malamba a pampando.

"Suk-yin, ndinati utere pabwalo, sindinati ukaoke mpunga. Kandege kena kali uko. Ukapanda kukweranso lero, mantha akukwatira."

Ndisanayankhe, Amayi, amene ankaonerera kumpanda, anatulukira ndi ndowa ya mwini munda. M'madzimo munkayandama masamba a manyumwa, ochotsera tsoka. Ndinadziwa kuti akangotha kundisambitsa andikokera kunyumba, zouluka zithere pomwepo.

Anandikwecha nkhope ngati mphika wopserera.

"Chitsiru cha mwana iwe. Anzako akusoka malaya, iwe ukupikisana ndi akhwangwala."

Kenaka ananyamula ndowa ija, nadutsa bwalo lonse mpaka pa kandege kachiwiri. Anawaza mapiko, matayala, ndi mpando womwe.

"A Kwok," anaitana osacheuka, "mwanayo akwere kasanaume."