Mizere Yofiira m'Mabuku a Abambo

"Mizere iyi ndinadula ndine," anatero asisitere okalambawo, chala chili pagalasi la kabati ya mabuku.

A Pulofesa anatembenuka, kapu ya tiyi ili m'manja. Anali atatha zaka khumi ndi ziwiri akufufuza mizere yofiira ya m'mabuku a malemu Abambo, wansembe amene anayambitsa sukulu ya zaumulunguyi. Buku lawo, limene ankalikhazikitsa tsikulo, linkanena kuti mawu odulidwa mzerewo ndiwo anali pamtima pa wansembeyo.

"Asisitere, mwina mwasokoneza," anatero a Pulofesa motsitsa mawu, poti akatswiri anzawo anali atayamba kusendera pafupi.

"Ndisokoneze bolopeni yanga yomwe? Abambo nthawi imeneyo maso anali atafa. Ndinkawawerengera ndine masana aliwonse tikatha kudya."

"Ndiye kuti ankakuuzani podula mzere?"

"Ayi, mwanangu. Ndinkadula pamene ayambira kuliza mkonono, kuti mawa lake ndidziwe poyambira."

Kukhomo anthu anali atafola kale, aliyense buku latsopano m'manja, kudikira kuti a Pulofesa asainemo.