Nyumba inathera pa lendi ya m'mbali mwa nyanja

Panali munthu wina, bambo wophunzira ndithu, amene anagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina kwa zaka makumi atatu. Anzake ankangomutcha Masamu. Ine nkhaniyi ndikaikumbukira mtima umandiwawa, chifukwa munthu ameneyu anauzidwa.

Atapuma pantchito, anatenga mkazi wake kukaona mlamu wake, mchimwene wa mayiyo, yemwe ankaphika pahotela ina mumzinda wa m'mbali mwa nyanja, kudziko lina. Anapita nyengo yamvula, nthawi imene mumzindamo mumangoti zii, alendo okaona malo kulibe. Anakhalako masabata awiri okha. Tsiku lililonse Masamu ankalemba m'kabuku mitengo ya lendi, buledi, basi ndi magetsi. Atawonkhetsa anapeza 800 pamwezi, ndalama zakumeneko. Penshoni yake inali 900.

"Alamu, ife tikusamukira kuno," anatero Masamu. "Nyumba tigulitsa, ndalamazo zikagone kubanki, ife tizidya penshoni."

"Alamu, mzindawu mwauona uli m'tulo," anayankha wophika uja. "Mubwerenso dzuwa likayamba, mudzakhale mwezi wathunthu. Ndipo nyumba musagulitse, ingoikanimo munthu wa lendi."

"Inu mumadziwa mapoto. Manambala tisiyireni ife."

Mkazi wake anayesetsa kumuletsa. Mayiyu anasoka mayunifolomu a ana asukulu zaka zambirimbiri, ndipo denga ndi mawindo a nyumbayo zinachokera pamakina ake osokera.

"Bambo, tikakalephera kumeneko tidzabwerera kuti?" anafunsa.

"Mayi, ine ndinayamba ndalakwitsapo masamu?"

Mayi uja anasaina pepala logulitsira nyumbayo uku akulira.

Atafika kunyanja kuja, Masamu anakumana ndi mkulu wina wopezera anthu nyumba, wolankhula mokoma, amene anamuonetsa zipinda ziwiri pansanjika yachitatu, khonde loyang'ana kumadzi, 400 pamwezi. Pepala la mgwirizano linali m'chinenero cha kumeneko. Mlamu anapempha kuti aliwerenge kaye, koma Masamu anati mkulu uja wafotokoza kale zonse. Tangoganizani, munthu amene zaka makumi atatu ankakalipira anzake chifukwa chosaina zinthu osawerenga.

Mavuto sanachedwe. Madzi a pampopi anali amchere, akumwa ankachita kugula m'mabotolo. Chiphaso chokhalira m'dzikomo chinafuna ndalama, inshuwalansi ya chipatala inafunanso zake, ndipo kwa anthu achikulire inali yokwera. Pamsika akangomva kalankhulidwe ka mayi uja, tomato ankakwera mtengo pomwepo. Kutayamba kutentha, sankagona popanda makina oziziritsa m'nyumba, bilu ya magetsi n'kuwirikiza katatu. Zonsezi m'kabuku kaja munalibe. Mwezi uliwonse unkatha ndi 1,200 kapena kuposa, ndipo Masamu anayamba kutapa pandalama za nyumba zija osamuuza mkazi wake.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri ukutha, mwini nyumba anagogoda.

"Pofika Lachisanu mukhale mutatuluka. Alendo ayamba kufika."

"Titulukiranji? Lendi tikulipira bwinobwino."

"Pepala lanu ndi la miyezi isanu ndi iwiri. Nyengo ya alendo nyumba ino timalipiritsa pa tsiku. Ngati mukufuna kukhala, ndi 3,000 pamwezi."

Wopezera anthu nyumba uja foni sankayankhanso. Masamu anayenda mzinda wonse, koma kulikonse yankho linali lomwelo. Ophika, oyeretsa m'mahotela ndi oyendetsa mabasi onse ankakhala kutali ndi nyanja, ulendo wa mabasi awiri. Mlamu uja ankakhalanso komweko, ndipo anawauza kuti pafupi ndi kwake pali chipinda chotsika mtengo.

Apa ndiye pondikwiyitsa kwambiri. Masamu anakana. Akuti anthu akwawo anali ataona kale zithunzi za pakhonde paja, ndiye akamva kuti wasamukira kuseri kwa depoti ya mabasi adzamuseka. Anauza mkazi wake kuti lendi yangokwera pang'ono, n'kupitiriza kulipira. Ankaganiza kuti alendo achoka pakatha miyezi iwiri. Anakhala miyezi isanu.

Chaka chitakwana, anapita kukawonjezera masiku a chiphaso. Lamulo linkafuna kuti mlendo aonetse ndalama zokwanira kubanki. Mayi wa pawindo anayang'ana pepala la kubanki, n'kulibweza.

"Sizikukwana. Muli ndi masiku makumi atatu oti muchoke m'dziko muno."

Mkazi wa Masamu anatenga pepalalo n'kuliwerenga yekha kwa nthawi yoyamba. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, nyumba yanga ndi imeneyi?"

Zotsalazo zinathera matikiti a ndege ndi kutumiza katundu. Atabwerera kwawo, mkazi wa Masamu anapita yekha kwa amene anagula nyumba ija kukapempha kuti awagulitsenso, azilipira pang'onopang'ono. Bamboyo anamumvera chisoni, koma anati nyumbayo ana ake aizolowera. Chimene akanatha n'kuwabwereketsa kachipinda ka kuseri, kamene kale Masamu ankasungiramo makasu ndi matayala akutha.

Mpaka lero akukhala mmenemo, pa lendi. Mayi uja anayambiranso kusoka, maso akuvuta kale, ndipo akafuna kutunga madzi pampopi umene anaikitsa yekha, amayamba waodira.

Phunziro: Malo amene wawaona masabata awiri uli mlendo sunawadziwe, ndipo mtengo wa tchuthi si mtengo wa moyo. Musanagulitse pogona panu, funsani amene amakhala kumeneko chaka chonse, ndipo musasaine pepala limene simunaliwerenge. Safunsa anadya phula. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale wanu amene wayamba kale kulongedza masutikesi.