Mphunzitsi wa Akatswiri Akwera Chitunda

Mafuta a m'chiwaya cha Bu Warsiti, mayi wa kuno ku Java, anali atangoyamba kuthetheka pamene mkangano unabuka patsogolo pa benchi yake ya nthochi zokazinga. Bwalo la mpikisano wa njinga za BMX linali litakonzedwanso, zitunda zake zofiira zili see, ndipo mwambo wake ngwodziwika: wina aliyense asanapondepo, katswiri woposa onse m'chigawo amayamba walizungulira kamodzi, yekhayekha. Vuto linali lakuti akatswiri oposa onse analipo awiri, ndipo aliyense anabwera ndi pakamwa pake.

"Zikho zanga zinadzaza kabati, Mas Gondo," anatero Prapto, mimba ikusuzumira kunsi kwa juzi imene inkamukwana kalekale.

"Zikho zotola ine nditathyoka mwendo zija?" anayankha Gondo. "Anadumpha zitunda zitatu nthawi imodzi ku Malang ndani?"

"Nanga anatera ndi mano ndani?"

Bu Warsiti anangotembenuza nthochi zake. Zibambo zandevu zaimvi, kulimbirana kanjinga kolekeza m'mawondo! Wapampando wa kalabu, poona kuti makofi ayandikira, anakweza dzanja.

"Bwanji mukuvutika? Anakuphunzitsani nonse awirinu ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa Pak Darmaji, amuna a Bu Warsiti, amene ankamwa khofi mwamtendere pansi pa mtengo.

Apa panalibe wotsutsa. Kuyambira kale, Pak Darmaji ankaima pa kona yoyamba, wezulo pakamwa, n'kumakalipira ana a eni. Tcheni cholobodoka ankachimva ndi khutu chili kutali. Mwana akachedwa kutsika pachitunda choyambira, iwo ankadziwa phazi lolakwa. Aliyense amene ananyamulapo chikho kuno kum'mawa kwa Java anadutsa m'manja mwawo. Za unyamata wawo ndiye musanene. Ena amati anadumpha lole ya nzimbe. Ena amati malole anali awiri, ndipo umboni wake ndi chipsera cha pabondo chija. Eni ake sanavomerepo, sanakanepo, ankangomwetulira. M'mawa uliwonse ankafika atakhala pakaliyala ya njinga ya akazi awo, dengu la nthochi lili pamiyendo, anthu n'kumagwedeza mitu: miyendo ya katswiri siwonongedwa pamsewu wamba.

"Ayi, ana anga, ine sindingathe," anatero Pak Darmaji.

Anthu anaomba m'manja. Kudzichepetsa kwake!

"Ndikunenetsa, sindingathe."

Kuleredwa bwino kumeneko! Kunotu kukana koyamba ndi ulemu, kwachiwiri ndi maleredwe, kwachitatu ndiye kuvomera. Pak Darmaji, munthu wamakhalidwe, anakana katatu. Kukana kwachinayi kunamira m'phokoso la chimkuzamawu. Asanaphethire, wapampando anali atadula kale nsonga ya mpunga wachikasu wa pamwambo, woumbidwa ngati phiri, n'kuwapatsa ndi manja awiri monga wotsegulira bwalo. Nsonga imeneyo munthu sabweza.

Pak Darmaji anafika pabenchi ya akazi awo mbale ili m'manja.

"Bu," ananong'ona, "kawauze kuti bondo langa ladzuka."

"Bondo lake liti, Pak? Lodumphira malole lija?"

"Ino si nthawi yoseka."

"Ine ndikuseka? Ndanyadira. Ndinakwatiwa ndi munthu wotchuka, kungoti sindinkadziwa."

Pakamwa pankalankhula choncho, koma mtima wa Bu Warsiti unali phaphapha. Chitunda choyambira chinali chitakwezedwa, tsopano chinkalingana ndi denga la nyumba, ndipo pamunthu waimvi mafupa salunzika msanga. Mwamuna anali naye mmodzi yemweyo. Komanso akanati atsegule pakamwa lero, makolo onsewa akanakoka ana awo n'kupita nawo kwina, ndipo bamboyu akanatsala ndi wezulo yopanda woiimbira. Zimenezo zikanamupha msanga kuposa chitunda.

Akatswiri awiri aja, amene posachedwa pomwepa ankafuna kuchotsana mano otsala, tsopano anali pachibale. Prapto anabweretsa njinga yake. Gondo anavula chipewa chake cholimba n'kuwaveka aphunzitsi, misozi ili m'maso.

"Tiwaonetse anawa mmene zinkakhalira, Pak!"

Anawakweza pachitunda ngati mkwati. Ana anandanda m'mbali mwa bwalo, makolo anakweza mafoni m'mwamba. Wa chimkuzamawu anali atafika pa malole atatu. Pamwambapo Pak Darmaji anakhala pachishalo ali nyomi, tayala lakutsogolo litagunda chipata chachitsulo chimene chimagwa kuti njinga zinyamuke, maso ali pansi.

"Taonani mmene akuwerengera njira!" anafuula wina. "Ukatswiri sukalamba!"

Bu Warsiti anayang'ana nthochi zake, nayang'ana chitunda. Anaponya chipande pansi, anakwinya nsalu, nathamanga kukwera masitepe, nthochi zikupserera kumbuyo. Atafika anakankha Gondo ndi chigongono n'kugwira chishalo kumbuyo ndi manja onse awiri. Khamu lonse linasungunuka. Chikondi chake! Mafoni anakwera m'mwamba kwambiri.

"Ndiye mumve, Pak," ananong'oneza m'chipewa muja. "Maso kutsogolo, osati pansi. Mapazi onse awiri pamapedulo. Ndakugwirani, sindikusiyani."

"Bu, ndikuopa."

"Muziopa kumene. Chigwereni pakaliyala yanga muja, n'kung'ambika bondo tili pachibwenzi, ndakhala ndikukupemphani kuti ndikuphunzitseni kupalasa njinga, inu n'kumati mawa. Mawa lija ndi limeneli."

Chipata chinagwa.