Khofi Wophikira M'bafa

Thovu linali litangoyamba kukwera pamene wina anagogoda pachitseko. A Mahrous anazimitsa kamoto msangamsanga, nakankhira kachitofu kuseri kwa chidebe cha zinyalala.

Kunena zoona, mlandu anali nawo. Tsiku lokwera sitima yapamadziyi padoko la Safaga ku Egypt aliyense anapatsidwa pepala lonena kuti kuyatsa moto m'zipinda n'koletsedwa, ndipo wopezeka akutero adzatsitsidwa padoko lotsatira. Iwo analiwerenga mpaka pansi, pakuti anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu ndipo malamulo amawalemekeza kwambiri. Kungoti kachitofu kawo ka sipiliti kanali katalowa kale m'sokosi, sokosiyo m'nsapato, nsapatoyo pansi pa sutikesi.

M'chipindamo munali ketulo yamagetsi, timapaketi ta khofi wongosungunula ndi tiyi wa m'timatumba ta ulusi. A Mahrous ankati amenewo ndi madzi otsukira mbale. Khofi weniweni amafuna madzi ozizira a m'botolo, osati a pampopi wa m'sitima onunkha chitsulo, supuni yodzaza, shuga pang'ono, kampoto ka chigwiriro chachitali ndi moto waulesi. Sitima ikamapendekeka dzanja lizipendekeka nayo, apo ayi thovu limasweka, ndipo khofi wopanda thovu sapatsa munthu. Choncho masana aliwonse bambo wamkulu ndithu ankadzitsekera m'bafa, mmene munalibe kachipangizo konunkhiza utsi, n'kumaphika atanjuta ngati mwana woba shuga.

Chinkawawawa si kutsitsidwa kokha. Ulendowu unali wa mlongo wawo Sabah, mphatso yochokera kwa ana ake, ndipo kanali koyamba kutuluka m'nyumba ndi nkhope yowala chimwalirire mwamuna wake zaka zinayi zapitazo. Iwo anangotengedwa ngati womuperekeza. Akawatsitsa padoko lotsatira la Aqaba, Sabah atsika nawo, ndipo nkhaniyo idzakambidwa paukwati uliwonse wa pachibale mpaka iwo atalowa m'manda.

Komabe a Mahrous sankamukhulupirira Sabah yemweyo. Munthu womwa tiyi wa m'kathumba n'kumati ngwokoma angathe kuchita chilichonse. Dzulo lake anamuona pabwalo la pamwamba akunong'onezana ndi mkulu woyang'anira chitetezo m'sitimamo, onse awiri akuwaponyera maso. Atamufunsa, anangoti amakamba za mphepo.

Atatsegula chitseko anapeza mkulu yemwe uja. Dzina lake linali Mifleh, wa ku Karak m'dziko la Jordan, wa ndevu zaimvi zapamlomo, yunifolomu yoyera yositidwa mpaka kuthwa. Pambuyo pake panali injiniya wamkulu wa sitimayo, nkhalamba yosaseka. A Mahrous anamvetsa pomwepo kuti abwera ndi mboni.

Anawalonjera, nawakhazika pabedi poti mpando unali umodzi. Anafunsana za moyo, za ana, za nyanja. Nthawi yonseyi fungo la khofi linali litadzaza chipinda moti ngakhale wachimfine akanalimva. Chitseko cholowera kuchipinda cha Sabah chinali chotsekuka pang'ono, ndipo a Mahrous anaona nsonga ya mpango wake. Wabwera kudzaonerera, anatero mumtima, ndipo zinawapweteka.

Poona kuti kukana sikuthandiza, anaganiza zomenya nkhondo ndi chida chokhacho chimene anali nacho. Munthu amene wamwa khofi wako sangakutaye padoko. Analowa m'bafa, natenga kampoto kaja, nathira m'timakapu tiwiri mosamala. Thovu linakhala bwino kuposa masiku onse.

Mifleh analandira ndi dzanja lamanja, nanunkhiza, n'kuika kapuyo patebulo. Injiniya uja anachita chimodzimodzi. Palibe analawa.

A Mahrous anayang'ana makapuwo. Pamoyo wawo wonse khofi wawo anali asanakanidwepo, ndiye uyu anasiyidwa dala kuti akhale umboni. Anadikira. Thovu linayamba kuphwa m'mbali, iwo akuliyang'ana ngati wodwala amene akutsirizika. Mifleh ankangoseweretsa chipewa chake ndi zala.

Basi a Mahrous anagonja. Anakatenga kachitofu kaja, sokosi yake ndi botolo la sipiliti, naziika pamaso pa alendowo.

"Ndi izi, bwana, musavutike n'kusecha. Nditsitseni ndekha. Mlongo wangayu musiyeni amalize ulendo wake. Alibe mlandu, kupatula pakamwa pakepo."

"Achimwene, khalani pansi, mukundichititsa manyazi," anatero Sabah kuseri kwa chitseko.

"Iwe khala chete, wandigulitsa kale."

Mifleh anayang'ana kachitofuko nthawi yaitali, kenako anatembenukira kuzenera ngati munthu amene wasankha kusaona kanthu. Injiniya uja anamugunda ndi chigongono, ndipo Mifleh anaimirira, nawongola yunifolomu.

"A Haji Mahrous, zimene mwaika apazi sindikuzidziwa, ndipo chonde musandidziwitse. Kwathu ku Karak munthu akabwera kudzafunsira mbeta, khofi samwa mpaka eni ake atavomera. Ndabwera kudzafunsira mayi Sabah, ndipo ainjiniyawa ndi ankhoswe anga. Ndiyankheni msanga, chonde, khofi wabwino chonchi akuzizira."